Mkulu wopita ku zisudzo ndi wotchi

Mkulu amene tinayandikana nawo nyumba kuno ku Krakow sakhulupirira munthu. Ukawapatsa moni, amayamba asuzumira kumbuyo kwako. Mawu awo ndi amodzimodzi: "Munthu saseka popanda chifukwa."

Nthawi ya chikomyunizimu ntchito yawo inali kuonera masewero asanafike kwa anthu, n'kudula mawu onyoza boma. Ine ndinali wazisudzo. Sewero limene linawasowetsa mtendere ndi la amuna awiri osenza makwerero, amene amafunafuna khoma loti awatsamiritsepo koma osalipeza. Laonetsedwa kasanu mumzinda muno, ndipo kasanu konseko mkuluyu sanaphonye.

Ulendo woyamba anawerenga tsamba ndi tsamba, choti adule osachipeza. Tikuyeserera, amuna aja anatula makwerero n'kungokhala duu, ndipo anzathu oonerera anafa nacho chiseko. Mkuluyu anadzambatuka.

"Akuseka chiyani? Palibetu wayankhula apa!"

"Angokhala chete basi, bwana," ndinatero.

"Kukhala chete kumeneku kukunena boma. Kusapitirire masekondi atatu."

Tinamvera, ndipo tinkawerenga chamumtima.

Chaka chino achinyamata alionetsanso. Mkuluyu, ngakhale anapuma ntchito kalekale, anapita ndi wotchi yawo. M'mawa mwake anandiimitsa pakhomo.

"Mayi Wiesia, masekondi makumi anayi! Boma lijatu linatha, sindingakumangitseninso. Tandiuzani zoona, makwerero aja ankaimira ndani?"

"Anali makwerero basi, bambo."

Anandiyang'anitsitsa. Ine ndinasowa chowonjezera, ndinangokhala chete.

Anatulutsa wotchi ija.