Chitsime Chomaliza cha a Mfuko

Dzina lakuti Mfuko anawapatsa ndi mlamu wawo, ndipo linawakakamira ngati chisoso pa thalauza. Linkawakhalanso: munthu wamfupi, wotakata mapewa, zikhadabo zosamva sopo, maso otsinzinira dzuwa poti theka la moyo wawo linathera pansi pa nthaka. Ntchito yawo inali yokumba zitsime pamanja. Zida zake sizinali zambiri, piki yaifupi mpini, mgwala, ndowa ndi chingwe basi. Akalowa m'dzenje m'mawa ankatuluka dzuwa litapendeka, thupi lonse lili mbuu, mano okha ndiwo oyera.

Pamene ankabwera kumalire kwa tauni atangokwatira kumene, kumunsi kwa poloti yawo kunali dambo. Bango linali lalitali kuposa munthu, achule ankasokosa mpaka anthu kumakwezerana mawu pocheza. Madzi sankawasaka nthawi imeneyo. A Mfuko ankangoyang'ana pamene paima mkuyu, kapena chulu chimene dothi lake silikuuma ngakhale m'chilimwe, n'kuloza ndi phazi kuti apa. Chitsime choyamba anakumba pakhomo pawo pomwe, iwo ali pansi, akazi awo ali pamwamba kukoka ndowa ya dothi, ali ndi pakati pa mwana wawo woyamba. Madzi anapezeka pafupi kwambiri moti mayiwo anawaseka kuti mwina angoboola mtsuko umene wina anakwirira.

Madziwo ndiwo anaitana anthu. Aliyense wogula malo ankayamba wafunsa kwa a Mfuko, ndipo kumene kwakumbidwa chitsime, nyumba zinkamera ngati bowa. Mikuyu inathera m'mauvuni a njerwa. Dambo analithira zinyalala ndi zibuma n'kumangapo. Pabwalo paliponse simenti, padenga paliponse malata, ndiye mvula ikagwa ilowere pati? Inkangothamanga m'misewu, kukokolola milatho ndi nkhuku za anthu, dzuwa likawala pansi pali gwa ngati sipanagwe dontho. Kenako olemera akumtunda anabweretsa magalimoto oboola pansi, mapaipi awo n'kukayamwa kumene piki siingafike. Ndiye wina aime pamsika azinena kuti Mulungu watikwiyira? Mulungu anagwirapo nkhwangwa liti? Ife anthu tili ngati mbuzi, timadya chingwe chomwe chatimangirira pamsipu.

Zitsime zitayamba kuphwa, ntchito ya a Mfuko inaphwa nazo. Palibe ankafuna kulemba munthu woti akumbe mpaka kutopa n'kutulukamo ndi fumbi lokhalokha. Koma eni nyumba za lendi, amene ankamanga tizipinda mondondozana ngati makola a nkhunda, ankafuna zimbudzi. Poyamba a Mfuko anachita manyazi, munthu wa madzi kukumbira anthu pobisala. Njala inawalangiza. Vuto linali lakuti dzanja lozolowera chitsime silidziwa polekera. Anzawo ankakumba pang'ono n'kutuluka, iwo ankatsika, kutsika, khoma lili chilili, osaima mpaka piki itamva chinyontho. Malandilodi anawakonda zedi, ati chimbudzi cha a Mfuko chimakalamba ndi nyumba osadzaza. Mzere wonse wa kumtunda kwa mpanda wawo anakumba ndi iwo, ndipo ankanyadira.

Chaka chatha chitsime cha pakhomo pawo chinauma nachonso. Ana anali atabalalika, pakhomo patsala awiriwiri. Mjigo wapafupi unali kuseri kwa msika, mzere wake wa zigubu wotalika ngati wa maliro. A Mfuko ankatunga okha akakhala kuti alibe ganyu, koma akachoka, mayiwo sankatha kukhala n'kumayang'ana mbale zakuda. Tsiku lina anaterereka pa ngalande ndowa ili pamutu. Anthu anabwera nawo pa wilibala, chiuno chitavulala, ndipo kuchokera pamenepo kuyenda kwawo kunali kogwira khoma.

Mwana wawo wachisamba, telala wa ku tauni ina yakutali, anafika mtima uli m'mwamba. Anayendera nyumba yonse, anaona zovala zosachapa, anaona ndowa ya kuchipinda yosatsuka, analira. Atapukuta misozi anayankhula mosapsatira mawu kuti amayi ake akuwatenga. Kwakeko mpope uli pakhomo. Koma bambo ake sakanatha kuwatenga nawo limodzi, nyumba yake inali ya zipinda ziwiri, chimodzi chodzaza ana ndi makina osokera, malo otsala anali a mphasa imodzi.

A Mfuko anachita mantha amene sanawamvepo ngakhale dothi litawagumukira m'dzenje. Chikwatirane, iwo ndi mayiwo anali asanasiyanepo nyumba. Anapempha mwana wawo yemwe ngati akupempha bwana, kuti awapatse nthawi yochepa. Madzi alipo pansipo, angothawira kutali. Madzi akakhala pakhomo, achapa okha, asambitsa okha mayiwo, palibe adzapitenso kumjigo.

"Chabwino bambo," anatero telalayo. "Ndibwera kutha kwa mwezi ndi galimoto. Ndikapeza madzi m'chitsimemo, galimoto ibwerera yopanda munthu. Ndikapeza fumbi, musadzandione ngati mwana wamwano."

Wokoka ndowa anali mlamu uja, nkhalamba inzawo, mlonda wopuma ntchito wa diso limodzi ndi pakamwa posatseka. Iye ankati anthu awiri ophatikiza mano awo osakwana kamwa limodzi alibe chifukwa cholimbana ndi thanthwe. Komabe m'mawa uliwonse ankafika, chipewa chili pambali. Ankayamba atsitsa kandulo woyaka pa chingwe kuti aone ngati pansipo pali mpweya, kenako a Mfuko n'kutsika, mapazi akufufuza timapako timene anasema okha ali mnyamata. Mayiwo ankakhala pampando pafupi ndi chitsime, nsalu ili m'miyendo, kuti azimva kulira kwa piki.

Pansi panali pouma ngati m'chigayo. Anadutsa katondo, anadutsa dongo lolimba, anafika pa mwala wofumbutuka umene unkalavula moto mgwala ukaumenya. Mapewa ankawotcha, mpweya unkawathera msanga, ndipo akayang'ana kumwamba kuwala kunkaoneka kochepa ngati mbale. Chingwe chinafika pothera, analumikiza china chimene ankagwiritsa ntchito kwa malandilodi.

Popuma masana, alamu awiriwo ankakangana. Mlamu ankati dziko langokalamba ngati iwo, palibe wolakwa, nkhalamba siifunsidwa chifukwa chake yauma khungu. A Mfuko ankakana. Ankati dziko silinakalambe, talikama mpaka magazi. Kale mtengo unkagwira mvula, dambo linkasunga, chitsime chinkabweza, ndipo munthu ankangotapa pamwamba. Anafunsa mlamuyo kuti chule anamumva liti komaliza. Mlamu anaganiza, anakanda m'mutu, n'kunena kuti achule anasamukira kwa apongozi awo kumene kuli mpope. Palibe anaseka, ndipo mlamu anazindikira mochedwa kuti waponda pachilonda.

Mwezi uli pafupi kutha, piki inatuluka yakuda kunsonga. A Mfuko anagwada n'kupapasa. Chinyontho! Anakumba ngati wamisala, osamvanso msana, mpaka timadzi tinayamba kutuluka m'mbali mwa mwala, kuzungulira zala za kumapazi, kukwera m'akakolo. Anagwedeza chingwe. Pamwamba anamva mlamu akukuwa ngati wagoletsa chigoli, ndi mawu a akazi awo akuthokoza Mulungu.

Amati tsoka silinunkha. Ili linanunkha. Asanatape n'komwe, mphuno inali itawauza kale. Silinali fungo la matope, matope ankawadziwa mitundu yake yonse. Linali fungo limene limakupeza ukadutsa kuseri kwa nyumba za lendi dzuwa likuswa mtengo. Anaima m'madzimo nthawi yaitali, ndowa ili m'manja.

Mlamu anati ndi madzi oyamba, amatero, akape aone. Anakapa mpaka pansi kuuma. M'mawa mwake madzi anabwerera ambiri kuposa dzulo. Anakapanso, anathiramo mchenga ndi nsangalabwi, anadikira. Madzi anadikha, anayera mbee, oti ukawaona m'kapu kukhosi kumachita kumeza kokha. Fungo linachepa, koma silinachoke. Linkabisala pansi, ukayandikiza mphuno n'kukulonjera.

A Mfuko anazungulira kuseri kwa mpanda. Zimbudzi zinali ndondondo, zitseko za malata, zina za masaka, ana akudikirana pakhomo. Chilichonse ankachidziwa kuya kwake ngati mmene munthu amadziwira msinkhu wa ana ake. Zonse anazifikitsa pa chinyontho, pa mtsempha womwewo wa madzi umene unkatsetserekera kunyumba kwawo. Madzi ochepa amene anapulumuka ku nkhwangwa, ku simenti ndi ku mapaipi a olemera, anawamaliza ndi iwo eni, ndi piki yawo, akuyamikiridwa. Anakhala pa mulu wa njerwa zosweka. Sanalire, koma mumtima munali mutafa.

Mayiwo sanafune kuuzidwa. Ananunkhiza kapu, anaiika pansi bwinobwino, n'kunena kuti aziwiritsa. A Mfuko anafunsa kuti ndi makala ake ati, poti masiku ano makala amagulitsidwa m'timapepala ngati mchere, ndipo nkhuni yapafupi ndi chitseko cha nyumba. Anawakumbutsanso kuti amawadziwa bwino: iwo akangochoka, mayiwo adzamwa osawiritsa pofuna kusunga moto wa chakudya. Mayiwo sanatsutse. Anangowagwira dzanja, chinthu chimene sankachita masana anthu akuona.

"Bambo, mwanayu akabwera musanene kanthu. Aone madzi, abwerere. Ine ndikakwera galimoto imeneyo, kuno ndidzabwera m'bokosi. Inunso mukudziwa."

Ankadziwa. Moyo wawo wonse anali asananamizepo munthu za madzi, koma anavomera ndi mutu. Mlamu naye analumbira kuti pakamwa pake asoka ndi waya. Tsiku lofika mwanayo anatunga ndowa m'mamawa n'kuiika pamphepo kuti fungo liuluke, anasesa pabwalo, a Mfuko anavala malaya a kutchalitchi.

Galimoto inafika masana, dzuwa lili pamutu. Telalayo anatsika nkhope ili yokonzeka kukangana, koma ataona ndowa yodzaza pakhonde anaima. Anathamangira kuchitsime, anasuzumira, anaponyamo kamwala. Kanalira chubwi. Anaomba m'manja, anaseka, anagwada pamaso pa bambo ake n'kupepesa kuti anawakayikira. Anati wauza kale anzake onse kuti bambo ake madzi amawamva kununkhira ali pansi pa thanthwe. A Mfuko anayang'ana kumbali.

Kenako mwanayo anati ulendo wamuumitsa kukhosi. Anatenga kapu pawindo, anaimiza m'ndowa, anaitukula.

A Mfuko anaona zonse pang'onopang'ono. Kamtima kena koipa kankanong'oneza kuti kapu imodzi siipha munthu, kuti akangomeza nkhani yatha, galimoto ibwerera. Anali akulimbanabe ndi kamtimako pamene mawu anachokera pampando.

"Usamwe, mwanawe. Taya."

Anali mayiwo. Telalayo anayang'ana amayi ake, anayang'ana bambo ake, kenako anayandikiza kapu pamphuno. Anaigwira pamenepo kanthawi. Sanafunse funso, sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anathira madziwo pansi pa mpanda n'kulowa m'nyumba kukalongedza.

Katundu wa mayiwo sanachedwetse munthu: chikwama chimodzi, bulangete, mankhwala a chiuno, ndi ndodo imene a Mfuko anawasemera. Mlamu anapezeka kuti ali ndi ntchito yofunika kuseri kwa nyumba. Poti mayiwo sakanatha kutsika masitepe a pakhonde, a Mfuko anawanyamula m'manja mpaka pagalimoto. Anadabwa kupepuka kwawo, ndowa ya dothi inkalemera kuposa pamenepo. Anawakhazika bwino, anawakonzera nsalu m'miyendo, maso ali pansi ndi manyazi a kapu ija.

Nkhani ya madzi inali itamveka kale ku nyumba za lendi. Pageti panali pataima amayi ndi zigubu zawo, ena ana ali kumsana, akudikira mwaulemu kuti alendo achoke. Akazi a a Mfuko anawaona. Anatsitsa galasi, a Mfuko n'kuweramira pafupi poganiza kuti awatsanzika.

"Musawapatse," anatero mayiwo. "Mukwirire lero lomwe, ana a eni angamwe."

Galimoto inanyamuka, fumbi linatsala likuzungulira. A Mfuko anakankha geti n'kulitseka pamaso pa amayi aja, wina akuchonderera kuti ngakhale ochapira okha, wina akutukwana kuti nkhalamba yaumbombo idzafa ndi madzi ake. Dothi lonse limene anatulutsa linali likadali mulu pambali pa chitsime. Anavula malaya a kutchalitchi, anawapachika pampando wa mayiwo, n'kuitana mlamu kuti abwere ndi fosholo.