Bwerani Muthire Mchere

Alangizi amene anandilanga ndisanalowe m'banja anandiuza zinthu zambiri, ndipo zambirizo ndinazisiya pakhomo la tchalitchi tsiku lomwelo la ukwati. Ine ndine wamakani, aliyense wondidziwa angakuuzeni. Koma lamulo limodzi ndinalisunga: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa mwamuna chifuwa. Kunena zoona sindinakhulupirirepo kuti mchere ungadwalitse munthu. Ndinalisunga chifukwa linkandipeputsira ntchito ina yowawa.

M'nyumba za anzathu mcherewo amathira ndi mwana. Kwathu kunalibe mwana womutuma. Tinali awiri basi, ine ndi amuna anga, kuyambira tili pa lendi ku Lusaka mpaka pamene tinamanga yathu ku Silverest. Ndiye mwezi uliwonse zikafika, ndinkaima pakhomo la khitchini n'kuitana, "Bwerani muthire mchere." Iwo ankasiya mpira wawo pa wailesi, n'kubwera, kutapa mchere ndi zala, kuwaza mu lepu kaya mu nyemba, kuvundula, kenako kusamba m'manja. Osanena kanthu. Umu ndi mmene ndinkawauzira kuti mwezi unonso mimba palibe, ndipo umu ndi mmene ankandiyankhira kuti amva. Tinachita zimenezi zaka zoposa makumi awiri.

Za zipatala, mapemphero a kuphiri ndi mizu yowawa imene apongozi anga ankatumiza kuchokera ku Nkomeshya, sindizifotokoza, zingatope nazo. Apongoziwo anafika powapezera mtsikana wa kumudzi, amuna anga anakana mpaka anakhala chaka osaponda kwawo. Azimayi a m'dera lathu amaitanana amake uje, amake uje. Ine amanditchula kuti ba madamu, ngati kuti ndi ulemu.

Ndiye chaka china, zaka zanga makumi asanu zikuonekera kale patsogolo, mwezi unatha ndisanawaitane. Wachiwiri unathanso. Thupi linayamba zachilendo: mabere kuwawa, kutopa kopanda chifukwa, kulira ndi nyimbo ya kwaya imene ndaimva kambirimbiri. Ndipo kutentha, mayo ine! Kunkayambira pachifuwa kukwera m'khosi mpaka kumaso, ngati munthu wandiyandikizira mbaula. Ndinadziuza kuti azimayi oyembekezera amamva kutentha. Ndinadziuza kuti Mulungu sachedwa. Zoyezera mimba za ku famasi sindinagule dala, chifukwa ndinali nditagulapo zambiri m'moyo wanga ndipo palibe chimene chinandiuzapo zabwino.

Amuna anga sanafunse. Si munthu wofunsa. Koma mchere ankauwerengera, ndipo ndinaona. Pa msewu wathu wafumbi anayamba kuyendetsa galimoto pang'onopang'ono, kuzemba kabowo kalikonse, mpaka a minibasi kumatiimbira hutala kumbuyo. Madzi akavuta ankandilanda ndowa. Loweruka lina ndinawapeza atatulutsa makasu ndi matumba a simenti m'kachipinda kakang'ono kamene sitinkakagwiritsa ntchito, ali kalikiliki kupaka penti yachikasu.

"Penti ya chani iyi?" ndinawafunsa mokalipa.

"Chipinda chaipa chabe," anatero, osandiyang'ana. Koma ankaimba mluzu, munthu amene ndinali ndisanamumvepo akuimba mluzu.

Ku ofesi ya boma kumene ndimagwira ntchito, tsiku lina pa msonkhano thukuta linanyowetsa bulauzi yanga mpaka kumsana, kunja kuli kuzizira kwa mu Juni. Titatuluka, mayi wina wachikulire amene timagwira naye ntchito anandikokera pambali. "Mwana wa amayi, nthawi yafika iyi. Na ine zinayamba so." Ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano. Ndinamukwiyira sabata yonse, kenako ndinapita ku kiliniki ndekha, amuna anga ndinawauza kuti ndikukaonetsa mano.

Adokotala anali mkazi wamng'ono kwa ine, woti akanatha kukhala mwana wanga. Anandiyeza zonse n'kundiuza mosazungulira kuti mimba palibe, thupi layamba kusiya kusamba. Ndinaseka. Sindikudziwa chimene ndinasekera. Kenako anandifotokozera za mankhwala a mahomoni, obwezera m'thupi zimene zikutha. Anandifunsa ngati kwathu kuli amene anadwalapo khansa ya m'mabere, ngati magazi anga amathamanga, ngati anaundanapo m'mitsempha. Anati mankhwalawo angachepetse kutentha, ndizigona bwino, mafupa asafooke msanga, koma ali ndi zoopsa zakenso, ndipo kusankha ndi kwanga.

"Popeza chaka chikalibe kutha musiyire kusamba," anatero, "mtundu umene ningakupatseni uzabweretsa magazi mwezi uliwonse. Koma si kumwezi kwenikweni, amayi. Ni mankhwala chabe."

"Nanga mwana?" ndinafunsa.

Anapukusa mutu. "Mankhwala aya si a mwana."

M'minibasi pobwerera, nditapanikizika pakati pa thumba la kabichi ndi bambo wogona, maganizo oipa anandibwerera. Ndinati ndingomwa mankhwalawo mwakachetechete. Magazi abwera, ndiitana amuna anga athire mchere, aziganiza kuti mwezi unangochedwa, ndipo tipitiriza kudikira monga kale. Munthu uja aziimbabe mluzu nthawi zina. Njira ina inali kuwakana mankhwalawo, kupirira kutentha monga anapiririra amayi anga, koma pamenepo ndiye kuti sindidzawaitananso kukhitchini mpaka kufa. Zonse ziwiri zinkandiopsa. Ndinadabwa kupeza kuti kuitana kuja, kumene ndinkadana nako zaka zonsezi, ndinkakufunabe. Mwezi uliwonse umene ndinkawaitana unali ndi mwezi wina kutsogolo kwake.

Ndinakhala nayo nkhaniyo masabata angapo, ndikukalipira aliyense, ngakhale nkhuku za aneba. Kachipinda kaja kanauma penti, amuna anga anaikamo katani. Katani imeneyo ndi imene inandigonjetsa. Ndinawauza m'mawa wina tikupita kuntchito, galimoto zitathinana polowa m'tauni, poti pamenepo sakanatha kundiyang'ana nthawi yaitali. Ndinanena zonse, za kiliniki, za mankhwala, za magazi abodza. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Tinasuntha pang'ono, tinaimanso.

"Kutentha kukuvutani maningi?" anafunsa.

"Kunipha," ndinatero.

"Imwani mankhwala. Nifuna muzigona."

Madzulo ake anabweza makasu m'kachipinda kachikasu kaja, ndipo pokolola apongozi atatumiza chimanga, matumba tinawasanja momwemo. Katani ikadalipo.

Ndinayamba kumwa. Adokotala sananame: patapita masabata kutentha kunachepa, ndinasiya kusintha zofunda zonyowa ndi thukuta usiku, ndinapepesanso mayi wa ku ofesi uja ndi chitenje. Kenako tsiku lina masana magazi anabwera, monga anandiuzira. Madzulo ndinali kuphika chibwabwa chotendera, masamba a maungu aja, magetsi atazima, mbaula ili pakhonde. Nditafika pothira mchere ndinaima. Alangizi aja sanandiuze chochita ndi mwezi wa m'mapiritsi. Ndikanatha kuthira ndekha, palibe akanadwala. Koma pakamwa panatseguka pokha.

"Bwerani muthire mchere."

Anabwera msanga kuposa masiku onse, patapata imodzi yokha kuphazi. Munthu amene ndinamufotokozera zonse, amene anamva bwinobwino, anaima pamenepo nkhope itawala, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo analankhula.

"Ndiye kuti zabwerera?"

Mtima unandiwawa kuposa tsiku la ku kiliniki. "Ni mankhwala chabe, bambo," ndinatero. "Ninakuuzani."

"Ee, munaniuza."

Anagwada pa mbaula, anatapa mchere, anawaza. Anatapanso, anawazanso, ngati waiwala kuti wathira kale. Ine sindinawaletse. Ndiwo zimenezo zinali zosadyeka, mchere wokhawokha mpaka kuluma lilime. Tinakhala pakhonde n'kudya zonse, mbale inayera, ndipo palibe amene anapempha madzi.