Tsamba Lachiwiri la a Lemani

A Lemani a ku Kadyaudzu, mudzi wina wa kufupi ndi Simlemba, anali munthu wa dzanja. Sindikunena dzanja la khasu ayi, pakuti mizere ya m'munda mwawo inkakhota ngati ya wina aliyense. Ndikunena dzanja la cholembera. Sukulu analekezera Fomu 2 bambo awo atamwalira, koma zilembo zawo, inu, ungati zachoka m'makina. Ali mnyamata anagwirapo ntchito pa esiteti ina, yolemba mayina pa mabelo a fodya wopita ku okushoni. Esitetiyo itatsekedwa anabwerera kumudzi, nakwatira Feliya, nabereka ana asanu, n'kumalima fodya wa bale ndi chimanga monga tonsefe. Komabe cholembera sichinkachoka m'thumba la malaya awo, ngakhale popita kokathira feteleza.

Chimene chinkawadya mtima bambo amenewa chinali mlamu wawo, a Frazer. Munthuyu anabwera m'mudzimo ngati mkamwini atakwatira mlongo wawo wa a Lemani, ndipo anafika ndi bulangete limodzi ndi njinga yopanda mabuleki. Kwawo kunali chakumpoto, choncho Chichewa chawo chinkanunkha Chitumbuka mpaka ukalamba. Sukulu? Sitandade 3, kaya anaimaliza kaya. Koma onse awiri atasankhidwa kukhala akulu a mpingo, anthu ankadutsa pakhomo pa a Lemani ndi moni wa pamsewu, ulendo kwa a Frazer. Paja amati mkamwini asamakule mwendo, koma uyu anakula mwendo m'mudzi mwa eni, eni ake akuona.

M'maesiteti ozungulira munali matenanti, anthu ochokera ku Phalombe, ku Mulanje, ena ku Zomba, obwera kudzalima fodya wa eni minda. Tchalitchi chinali kutali, choncho Lamulungu ankasonkhana pansi pa chigafa, fodya ali lende pamitu pawo. Abusa ankafikako kawiri pachaka. A Frazer ndi amene ankapalasa njinga kukawaona anthu amenewa, mvula kaya dzuwa, kwa zaka makumi awiri. Ankadziwa mwana wa yani akudwala, banja liti likugwedezeka, ndani wasiya mowa ndi ndani wayambanso. Kenako matenda a shuga anawatupitsa miyendo, njinga n'kuikoleka kudenga.

Apa ndi pamene makalata anayambira. Lachinayi lililonse m'mawa a Lemani ankapita pakhonde pa alamu awo ndi pepala. A Frazer ankatsinzina n'kumayankhula, a Lemani akulemba. Ankayamba ndi dzina pamwamba: "Ine Frazer, kwa abale a ku esiteti yakuti." Mawu a Chitumbuka a Lemani ankawachotsa, chiganizo chopunduka ankachiwongola, penapake n'kutsirapo mchere wawo. Ikatha, kalatayo ankaitenga a Fainala, mayi wa Chigwirizano cha amayi a mpingo amene ankayenda m'maesiteti kugulitsa usipa ndi sopo, ndipo iwo omwewo ankakaiwerenga pansi pa chigafa.

Zaka zisanu ndi ziwiri, abale, ntchito ili yomweyo. Nanga anthu ankati chiyani? "Kwabwera kalata ya a Frazer!" Ena ankaipempha n'kukaisunga m'chikwama pamodzi ndi makadi a ana a kusikelo. Tsiku lina a Lemani ali pamzere kuchipatala ku Kasungu anamva mlendo akutonthoza mnzake ndi chiganizo chimene iwo anachisula okha, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Amatero a Frazer." Anabwerera kunyumba nkhope ili ndwii, chakudya osachikhudza.

"Kodi mwamva zoipa kuchipatalako, abambo a Goodness?" anafunsa Feliya.

"Zoipa n'zakuti wolima ndi wina, wotamandidwa ndi wina. Munthu wosatha kulemba ngakhale dzina la mkazi wake, lero akutchuka mpaka paboma ndi mawu anga!"

"Ha, nsanje yanuyi mudzalowa nayo m'manda. Mawuwo ndi anu, nanga anthu a m'maesitetiwo munayamba mwawaonapo?"

A Lemani anangotsonya n'kutuluka. Anthuwo awaonerenji? Mayina ambirimbiri amene a Frazer ankatchula aja, moni kwa uje, pepani kwa uje, kwa iwo anali zinyalala zongodetsa kalata yabwino. Ankawalemba dzanja lokha, mutu uli kwina.

Chaka chimenecho kunabwera abusa achinyamata, a Benjamin, amene anayamba kuphunzitsa akulu a mpingo Loweruka masana. A Frazer sankatha kufikako chifukwa cha miyendo. Loweruka lina phunziro linali la makalata a atumwi. Abusawo anati makalata amene timawerenga pa guwawa sanayambe ngati buku ayi. Anali makalata enieni, opita kwa timagulu ta Akhristu tosonkhana m'nyumba za anthu, m'mizinda yakutali kumene mtumwi sakanatha kufikako msanga, nthawi zina chifukwa anali m'ndende. Ankalembedwa pakabuka nkhani: ena akangana pa za chakudya, ena akunyozana chifukwa cha mitundu, ena ataya mtima abale awo atamwalira. Munthu wodalirika ankainyamula kalatayo, ndipo inkawerengedwa mokweza onse akumva. Anatinso alipo makalata ena amene ophunzira amatsutsana mpaka lero kuti anawalemba ndani kwenikweni.

A Lemani ankangosinza mpaka pamene abusa ananena kuti kawirikawiri mtumwi sankagwira yekha cholembera. Ankayankhula, mlembi akulemba.

"Pepani abusa," a Lemani anatukula mkono, tulo tonse balala. "Ndiye alembi amenewo mayina awo anatayika?"

"Ambiri sitiwadziwa, bambo Lemani. Koma alipo mmodzi, m'kalata yopita kwa Akhristu a ku Roma, amene cha kumapeto anaikamo moni wake ndi dzina lake, kunena kuti ndi iye wolemba kalatayo. Dzina limenelo tikuliwerengabe patapita zaka pafupifupi zikwi ziwiri."

Zaka zikwi ziwiri! Zina zonse zimene abusa anaphunzitsa tsiku limenelo zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. A Lemani anabwerera kwawo akuyankhula okha m'njira. Ngati mlembi wakaleyo anaikamo dzina lake ndipo palibe anamudzudzula, nanga iwo alakwanji? Koma moni wokha sukanawakwanira. Ankafuna kuti anthu amve kusiyana kwa mawu a munthu wa Sitandade 3 ndi a munthu wa Fomu 2.

Mpata unapezeka mu Febuluwale, fodya atapsa m'minda. Ku esiteti ya Katope mpingo unagawikana. Ena ankathyola fodya Lamulungu akaweruka kumapemphero, ndipo anzawo anati sangapemphere pamodzi ndi anthu oswa Sabata. A Fainala anafotokoza nkhani yonse pakhonde pa a Frazer, koma a Lemani anafika mochedwa n'kungotolako mutu wake wokha, ndipo sanafunse zambiri. A Frazer anatsinzina monga mwa masiku onse.

"Lembani, alamu. Ine Frazer, kwa abale a ku Katope. Za fodya wa Lamulungu ndamva. Musathamangitsane m'chigafa, nonse ndinu alendo kumeneko. Wa manja awiri athandize wa dzanja limodzi. A Nachisale, limbani mtima, sindinakuiwaleni."

Anaonjezerapo moni kwa anthu asanu ndi atatu, n'kutsegula maso.

"Basi?" anafunsa a Lemani.

"Basi, alamu. Eni ake amva."

A Lemani anaseka chamumtima. Nkhani yaikulu chonchi, ya lamulo la Mulungu, munthu n'kuiyankha ngati akunyengerera mwana? Anati akaikonzere kunyumba kalatayo. Atafika anatenga pepala lina loyera, nakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kulemba tsamba lachiwiri. Analemba mpaka chala chinachita dzanzi, ndipo kunena zoona Chichewa chake chinali chokoma. Anati munthu wothyola fodya tsiku la Mulungu wagulitsa moyo wake pamtengo wa tsamba. Anati munthu wotere maliro akalowa m'nyumba mwake asadabwe, wawaitana yekha. M'munsi mwenimweni anaika mawu amene anawalakalaka zaka zonsezi: "Tsamba ili ndi langa, ine Lemani, amene ndakhala ndikulemba makalata onsewa." Anapinda masamba awiriwo pamodzi n'kukapereka kwa a Fainala.

Lamulungu limenelo a Lemani anaimba nyimbo m'tchalitchi mokweza kuposa onse. Mumtima ankaona anthu a ku Katope akufunsana kuti Lemani ameneyu ndani, munthu wa mawu akuthwa chonchi.

Lolemba m'mawa a Fainala anafika pakhonde pa a Frazer opanda dengu la usipa, ndipo anatuma uthenga kuti a Lemani abwere. Anafotokoza misozi ili m'maso. A Nachisale aja anali mayi wamasiye. Amuna awo anamwalira mu Januwale, n'kuwasiyira ana anayi ndi munda wa fodya woti munthu mmodzi sangauthe. Kapitawo anali atawauza kuti fodyayo akaonongeka m'munda adzachoka pa esiteti chimanjamanja. Masiku ena onse aliyense amakhala m'munda mwake, ndiye anzawo ochepa anagwirizana zowathandiza kuthyola Lamulungu masana. Kuswa Sabata kumene kunkanenedwako kunali kumeneku.

"Tsamba loyamba anthu anamvera ali chete, ena akugwedeza mitu," anatero a Fainala. "Nditatembenuza, dzanja ndi lomwelo, ine n'kumangowerenga. Nditafika pa mawu a maliro aja, mayi uja analira ngati mwamuna wake wamwalira kumene. Ankangoti, 'A Frazer, inunso?' Anthu anabalalika, ine n'kupinda pepala. Dzina lili m'munsili ndaliona nditafika kunyumba."

Imvani bwino pamenepa. Dzina la a Lemani silinawerengedwe. Ku Katope konse ankadziwa kuti mawu aja ndi a a Frazer. Walira mvula walira matope, koma bambowa matope anawapeza, mvula osaiona.

A Frazer anatenga masamba awiriwo n'kuwayang'ana nthawi yaitali, ngakhale kuwerenga kwawo kunali kwa chilembo chimodzichimodzi. A Lemani anadikira kukalipiridwa, ndipo mayankho anali atakonza kale. Koma mkamwiniyo anangoti, "Alamu, Lamulungu mumange ng'ombe. Mundiperekeze ku Katope."

"Ndi miyendo imeneyi?" anadabwa a Fainala. "Ingolembani ina, munene amene analemba."

"Yayi. Kalata yachoka pakhomo panga, dzina lili pamwamba ndi langa. Pepala silipepesa."

Ananyamuka dzuwa litangotuluka, a Frazer atagonekedwa pamatiresi m'ngolo, a Lemani ali kutsogolo ndi chikwapu. Msewu unali matope okhaokha, ndipo ngolo ikagwa m'dzenje a Frazer ankabuula. Njira yonse sanatchule za tsamba lija.

Atafika, amuna anayi anawanyamula a Frazer pampando n'kukawakhazika pakati pa chigafa. Anthu anadzaza, othyola ndi osathyola omwe, pakuti panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri osawaona a Frazer. A Lemani anaima kumbuyo, chikwapu chili m'manja, ndipo palibe anawafunsa dzina. Ankangowayesa woyendetsa ngolo.

"Abale anga," anayamba a Frazer, "kalata ija inakulasani. Ndabwera ndekha kudzapepesa. A Nachisale, amuna anu sanafe chifukwa cha fodya, ndipo amene anakuthandizani kuthyola sanachimwe. Mundikhululukire."

Mayi wina wochepa thupi, mpango wakuda kumutu, anadzuka n'kukagwada pafupi ndi mpandowo, nagwira dzanja la a Frazer ndi manja onse awiri. Amayi ena anayamba kusisima. Bambo wina amene ankatsogolera okana kupemphera ndi anzawo aja anavula chipewa n'kuweramitsa mutu. Wina anayambitsa nyimbo.

Mukuganiza kuti a Lemani anamva chisoni chokha? Chisoni chinalipo, manyazi analiponso, koma chimene chinawatentha kwambiri pachifuwa chinali nsanje yomwe ija. Taonani, munthu uyu anawalanda mawu abwino kwa zaka zonsezi, lero wawalandanso ngakhale tchimo lawo, ndipo anthu akumukonda kuposa kale chifukwa cha tchimo la mwini! Tsamba limodzi lokha limene linali lawolawo, nalonso lapita kwa Frazer. Ayi, izi ndiye sakanazipirira.

"Taimani!" anakuwa, nyimbo n'kuduka. Anadutsa pakati pa anthu, mutu ukugunda fodya wopachikidwa. "Alamu angawa akunama. Tsamba lachiwiri lija sanalidziwe n'komwe. Ndinalemba ndine, ndekha, kunyumba kwanga. Makalata onse amene mwakhala mukumva, dzanja lake ndi ili. Dzina langa ndine Lemani."

A Frazer anatsinzina. A Nachisale anasiya dzanja lija, nadzuka pang'onopang'ono, n'kuwayang'ana a Lemani kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Sanakalipe ayi, anafunsa mwaulemu ndithu.

"Bambo, kodi munayamba mwafikako kuno?"

"Ayi, mayi. Lero n'koyamba."

"Amuna anga munkawadziwa?"

"Ayi."

"Nanga ine, ndisanadzuke kudzagwada apa lero, mukanandiloza pakati pa amayiwa?"

A Lemani anangopukusa mutu.

"Ndiye munkalembera yani, bambo?"

Anthu onse anali kuwayang'ana a Lemani tsopano, monga ankafunira zaka zonse zija, ndipo ankadikira yankho.