Zitsamba za ku Mgodi wa Malasha

Ntchito yanga yoyamba yolongosoka ku America anandipezera ndi amalume anga, a Jafali, omwe ankayendetsa takisi ku Annandale. Tsiku lina ananyamula mayi wina dzina lake Linda, mwini kakampani koyesa nthaka ndi zomera, ndipo pocheza anamuuza kuti ali ndi mphwawo wophunzira za nkhalango amene akungotsuka mbale mu lesitilanti. Atafika kunyumba anati, "Mphwanga, sita shati. Mawa ukaonekere."

Ofesi inali ku Virginia komweko, koma ntchito yeniyeni inali kutali kumadzulo, kudera louma la zitsamba zotuwa. Kampani ya mgodi ikatha kukumba malasha imayenera kukwirira dzenje, kubwezera dothi lapamwamba ndi kufesa mbewu za udzu ndi zitsamba za komweko. Ife timapita miyezi yotentha kukayesa ngati zameradi.

Ndinkakhoma chikhomo chachitsulo, n'kutambasula tepi yoyezera. Pa mita iliyonse ndinkatsitsa kawaya kowongoka n'kulemba chimene kayamba kukhudza: udzu, chitsamba, zinyalala, mwala kapena dothi lopanda kanthu. Kenako ndinkayala kachitsulo ka ngodya zinayi, kumeta udzu wonse wa m'katimo ndi sizasi, kuuika m'timatumba tapepala kuti ukaumitsidwe mu uvuni n'kuyezedwa pa sikelo. Zitsamba ndinkaziwerenga chimodzichimodzi nditagwada. Zonsezi tinkaziyerekeza ndi za malo oyandikana osakumbidwa.

Milomo inkang'aluka, mawondo anachita zikang'a. Udzu sunkavuta kumera. Zitsamba ndizo zinkakana. Koma panali kachigwa kena komwe zinagwira. Chaka choyamba zinali ngati zala za mwana, chachiwiri zinafika m'kakolo. Chaka chachitatu zinandifika m'mawondo, ndipo ndinapezamo ndowe za mphoyo ndi chisa cha mbalame. Ndinkakakonda kachigwako ngati munda wanga.

M'mawa wina chaka chachitatucho ndinapeza timbendera tofiira titadutsa pakati pake. Kumtunda kunali chimakina chokankha dothi, dalaivala wake akumwa khofi. Ndinamufunsa za timbenderato.

"Msewu wa malole," anatero. "Malasha akwera mtengo, akutsegula dzenje latsopano kuseri uko. Iweyo chotsa zitsulo zakozi."

Ndinaimbira Linda foni. Ndinkaganiza kuti akwiya. Iye anangofunsa kuti, "Ayamba kale?"

"Sanayambe."

"Ndiye fulumira, yeza. Lipoti la chaka chino likufuna malo amenewo. Chilolezo cha msewu eni mgodi ali nacho, si nkhani yathu."

Pamenepo ndinazindikira kuti iye ankadziwa kale.

Ndinayeza. Ndinatambasula tepi, kutsitsa kawaya, kugwada n'kuwerenga zitsamba, chimakinacho chikulira kumbuyo kwanga. Dalaivala sanali munthu woipa. Ankati akayandikira, amaima kundidikira kuti ndimalize mzere. Ndikangozula chikhomo, iye n'kulowa. Mizu inkathyoka ndi kaphokoso ngati ka nkhuni zouma, ndipo fungo la zitsambazo, lowawa ngati mankhwala, linadzaza mphepo. Dzuwa lisanapendeke, kachigwa kaja kanali msewu.

Nditabwerera ku Virginia ndinaona lipoti litatha. Manambala anga anali momwemo, onse oona, palibe amene anasinthako. Ankasonyeza kuti zitsamba zinamera bwino kwambiri pamalowo. Za msewu zinali mu chikalata china, cha ofesi ina. Linda anandiyamikira pamaso pa anzanga kuti ndimagwira ntchito mosamala. Ndinangoti zikomo.

Sindinasiye ntchito nthawi yomweyo. Mapepala anga okhalira m'dziko muno anali m'manja mwa kampani ya Linda. Ndinapirira chaka china, kenako ndinachoka.

Lero achinyamata akandifunsa za ntchito imeneyi ndimawauza kuti aiphunzire, ndi yabwino, ndipo ayeze moona. Koma asanagwade pansi kuwerenga chitsamba choyamba, afunse kuti malowo adzakhala chiyani mawa. Ine sindinafunse, ndipo palibe amene anaona chifukwa chondiuzira.