Dzanja la Amayi M'chitenje

Ndinaganiza zochoka tsiku lomwe mayi wina wogulitsa matemba pa Kachulu anandifunsa ngati udokotala wanga unali wa pakhonde. Sananame. Sukulu ndinali nditamaliza, mapepala ali m'manja, koma kulikonse kofunsira ntchito ankangoti dikirani, malo kulibe. Malo kulibe! Chonsecho pachipatala chathu chaching'ono odwala amaswera pansi pa mtengo kudikira munthu mmodzi. Chipatala china cha ku Lesotho chitandilonjeza salale ya mwezi ndi mwezi, sindinacheukenso.

Kumeneko kunkazizira mpaka m'mafupa. Tsiku lonse ndinkayeza amayi a eni ake, n'kumawakalipira akadumphitsa mankhwala, kenako ndinkabwerera m'kachipinda kopanda wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Ndalama ndinkatumiza, ndipo sindibisa, zinkandikoma. Lamlungu ndinkaimba foni ya vidiyo. Achimwene anga a Yohane ndiwo ankagwira foniyo, amayi ali pampando atafunda chitenje mpaka m'khosi.

"Amayi, mawu akutuluka mochedwa bwanji?"

"Ndi netiweki imeneyo, achemwali," achimwene ankalumphira. "Kuno tonse tili gwa."

Nditabwera kutchuthi nthawi yokolola, ndinapeza mlamu wanga akupeta mpunga, amayi akungoyang'ana. Amayi amenewa sankalola munthu kukhudza lichero lawo. Ndinavundukula chitenje chija. Dzanja lamanja linali lende, zala zitapindika. Inali sitiroko, yakalekale. Magazi anayamba kuwathamanga ine nditangochoka, iwo n'kumamwa mapiritsi a mutu a ku golosale.

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndikudziwa, kwathu munthu wa paulendo sauzidwa matenda, amati angadzidzimuke ali kutali. Koma ngakhale munthuyo akhale dokotala? Nthenda yomwe ndimalimbana nayo tsiku ndi tsiku mwa anthu achilendo?

"Musandilalatire ine," anatero achimwene. "Afunseni eni akewo."

Amayi anayankhula pang'onopang'ono, kukamwa kutapotoka. "Ndinawaletsa ndine, mwanawe. Ukanamva, ukanasiya ntchito n'kubwera. Ndiye udzakhalenso pakhondepa, anthu azikuseka? Dzanja ndili nalo lina."

Mkwiyo wanga unasowa pogwera pakhomo paja, koma sunathe. Ndakwiyira dziko lomwe linachititsa mayi wanga kusankha pakati pa dzanja lake ndi ntchito ya mwana wake. Tchuthi chisanathe ndinakwera minibasi ya ku Zomba kukafunsanso za malo, kuti ndizikhala pafupi nawo.

Akuti ndidikire.