Ndinaphunzitsa Buku Lomwe Sindinaliwerenge

Inu owerenga, ine ndinalakwira mwana wa eni ake, ndipo ndinamulakwira nditavala tayi, choko chili m'manja. Ndinaphunzitsa buku la mayeso chaka chathunthu ndisanaliwerenge. Nkhaniyi ndakhala nayo osauza munthu, ngakhale mkazi wanga, koma tsopano yandikwana.

Zinachitika matipate atangobwera kumene, masukulu a pulayiveti akumera ngati bowa mu Blantyre muno. Munthu akakhala ndi nyumba ya zipinda zinayi ankangokhoma chikwangwani, basi sukulu yayamba. Ine ndinalembedwa ntchito pa ina yotere ku Zingwangwa. Nyumba yake kale inali golosale, moti mashelefu anali akadalipo kumbuyo kwa kalasi. Kukoleji ya uphunzitsi sindinapondeko. Ndinali ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi pakamwa, ndipo pakamwapo Chizungu chinkatuluka bwino ndithu. Eni sukulu atandimva ndikuyankhula anandipatsa Fomu 4 kuti ndiziiphunzitsa mabuku a Chingerezi.

Limodzi mwa mabuku a mayeso linali nkhani yakalekale ya ku Ulaya, lochindikala kwabasi. Sukulu yonse inali nalo limodzi lokha, ndipo linkakhala kwa ine. Ndinayesa kuliwerenga. Chizungu chake chinali chamakedzana, chiganizo chimodzi kudzaza theka la tsamba, ndipo nditafika patsamba la makumi awiri ndinalitseka n'kupita kubawo. Ndinkadziuza kuti ndiliwerenga paholide. Holide inabwera n'kupita.

Tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa msika ndinaona chikuto cha kaseti atachikhoma pakhomo la vidiyo sho, dzina lake lomwelija la buku langa. Mwini wake anati kasetiyo inabwera ndi dalaivala wa thiraki kuchokera ku Joni, ndipo anthu sankaifuna chifukwa munalibe karate. Ndinalowa. Abale anga, filimu ija anaikonza mosaumira. Mahatchi okoka ngolo zonyezimira, nyumba zikuluzikulu zoyaka makandulo osawerengeka, azimayi akuvina atavala madiresi okokota pansi, nyimbo zake zofika pamtima. Ine wokhala pabenchi ya thabwa limodzi ndinaiwala kuti ndili ku Zingwangwa. Ndinaionera kanayi, kope lili pabondo, ndikulemba manotsi. Ndinatulukamo ndikudziona wochenjera kuposa aphunzitsi onse a mtauni muno.

Nkhani yake inali ya mtsikana wosauka wogwira ntchito m'nyumba ya anthu olemera, amene anagwa m'chikondi ndi mwana wa bwana wake. Mufilimumo mnyamatayo anapita kutsidya la nyanja, kenako anabwerera n'kumukwatira, mabelu a tchalitchi akulira. Ndi zimenezo ndinkaphunzitsa. Ndinkachita kuyerekeza mayendedwe ndi mayankhulidwe a anthu ake, ana n'kumafa ndi phwete, n'kumandikonda. Bukulo ndinkangolinyamula polowa m'kalasi kuti lizioneka.

M'kalasimo munali mtsikana dzina lake Temwa, mwana wa mkulu wina wa ku Rumphi amene anapuma ntchito ya ukalaliki m'boma. Ankayenda wapansi kuchokera ku Nancholi tsiku ndi tsiku. Mtima wake wonse unali pa unamwino, ndipo kuti akamutenge kusukulu ya anamwino ankayenera kukhoza bwino maphunziro asanu ndi limodzi. Asanu anali nawo m'manja, ndipo ankadalira phunziro langali kuti akwane. Mwana ameneyu, ine osadziwa, Loweruka lililonse ankapita kulaibulale mtauni, ndipo bukulo analiwerenga mpaka kumapeto.

Kutatsala miyezi iwiri kuti mayeso ayambe, ndikulembetsa manotsi a ukwati uja, Temwa anakweza mkono. Anayankhula motsitsa mawu. "Pepani aphunzitsi, m'buku lomwe ndawerenga ine mnyamatayo sabwerera. Mtsikanayo amakamwalirira kwa mchimwene wake." Mchimwene ameneyo ine ndinali ndisanamumvepo, pakuti mufilimu anamuchotsamo.

Apa, inu owerenga, ndi pomwe ndinayenera kutsegula buku lomwe linali patebulo pamaso panga n'kuona tsamba lomaliza. Mphindi imodzi ikanakwana. Koma maso a kalasi yonse anali pa ine, ndinachita mantha, ndipo manthawo anasanduka ukali. Ndinamufunsa ngati eni sukulu analemba ntchito iyeyo. Ndinamuuza kuti Chizungu cha m'bukumo n'chozama, iye wangowerenga osamva, zamusokonekera m'mutu. Ndinamuponyera choko kuti abwere adzatiphunzitse. Anzake anaseka, ndipo kuyambira tsikulo ankamuitana kuti Pulofesa. Pomaliza ndinamuthamangitsa kuti akabwere ndi kholo.

M'mawa mwake anabwera ndi bambo ake, mkulu waulemu wake, atavala jekete, chipewa chili m'manja. Kwa anthu a m'badwo umenewo mphunzitsi salakwa. Sanafunse n'komwe kuti nkhani yagona pati. Anauza mwana wawo kuti agwade apepese, iye n'kugwada pasimenti patsogolo panga. Kenako anati, "Aphunzitsi, mwanayu ndamuletsa zopita kulaibulale. Azimva za inu basi." Ine ndinagwedeza mutu monga munthu wokhululuka, n'kuwayamikira chifukwa cholera mwana bwino. Nditafika kunyumba ndinalitenga buku lija kuti ndione kumapeto, koma ndinangoliponya musutikesi n'kutseka. Sindinkafuna kudziwa. Ndikanadziwa, ndikanayenera kukaima pamaso pa ana n'kuvomera kuti ndakhala ndikuwanamiza chaka chonse, ndipo nkhope yanga ndinaiona yofunika kuposa iwo.

Temwa anasiya kukweza mkono. Anayamba kukopera manotsi anga mwaukhondo n'kumawaloweza. Ndinamukhulupiriritsa kuti mutu wake ndiwo unamunamiza.

Pamayeso panabwera funso loti afotokoze mmene nkhaniyo inathera ndi chomwe mlembi ankafuna kuphunzitsa. Pepalalo ndinaliona ana atangotuluka m'chipinda cha mayeso. Ndinaima pageti, ndipo Temwa podutsa ndinamufunsa kuti wayankha bwanji. Anati, "Ndalemba zanu zija, aphunzitsi."

Zotsatira zitatuluka, kalasi yonse inagwa phunziro langa. Temwa anakhoza bwino asanu aja, lachisanu ndi chimodzi n'kusowa. Eni sukulu anati ochonga mayeso amadana ndi masukulu a pulayiveti, ndipo amene ankavomereza zimenezo mokweza kuposa onse ndinali ine. Zobwereza Fomu 4 sizikanatheka, pakuti kwawo kunali azing'ono ake atatu odikira sukulu, bambo ake ali pa penshoni. Ine ndinasamukira pasukulu ina ku Bangwe komwe sankandidziwa.

Kumeneko ndi komwe ndinalitulutsa buku lija musutikesi. Linanditengera masiku anayi okha. Zonse zinali monga ananenera mwanayo. Mchimwene uja amatulukira patsamba la makumi atatu, pafupi pomwe ndi pamene ndinalekezera. Okonza filimu anasintha mathero kuti anthu azituluka akumwetulira, ndipo sindingawadzudzule, iwo sanalonjeze aliyense kuti akuphunzitsa Fomu 4.

Patatha zaka zitatu ndinakumana naye mumsika wa Zingwangwa. Ankagulitsa kaunjika, mwana ali kumbuyo. Ndinafuna kuzemba koma anali atandiona kale. Anandipatsa moni wa manja awiri, mawondo atapinda, ulemu womwe unandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ndinafunsa za bambo ake, anati anamwalira chaka chathachi. Kenako, akupinda malaya, anandifunsa ngati buku lija ndinadzaliwerenga. Ndinati inde. Anandiyang'ana n'kuti, "Ndiye kuti mutu wanga unali bwinobwino eti?" Ndinavomera. Anangoti zikomo, n'kutembenukira kwa mayi wina amene ankafunsa mtengo wa siketi. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, mpaka ndinachoka osapepesa.

Ndimadzida, inu owerenga, ndipo sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ndikungoti inu amene mwapatsidwa ana a eni kuti muwaphunzitse, zomwe simunawerenge musaziphunzitse. Filimu kaionereni, njokoma, koma si buku. Mwana akakuuzani kuti mwaphonya, yambani mwafufuza musanakalipe, chifukwa manyazi a mphindi imodzi sapha munthu. Nanunso makolo, mwana wanu asanagwade, mufunseni kaye kuti zakhala bwanji. Si aliyense wovala tayi amene akudziwa zomwe akunena.

Ndipo ngati mwalakwira munthu, pitani mukanene anthu ake akadali moyo. Bambo a Temwa anapita kumanda akukhulupirira kuti mwana wawo anachitira mwano mphunzitsi, kenako n'kulephera yekha mayeso. Munthu mmodzi yekha amene akanawauza zoona ndinali ine, ndipo ndinali ndi zaka ziwiri zathunthu zoti ndikwere minibasi ya ku Nancholi. Sindinakwere.