Kalamkas ndi Wilo Lakutsogolo

Kalamkas Ospanova anayamba kusambira ali mayi kale, ana atakula. Chinamulowetsa m'madzi ndi msana. Ntchito yake inali yoyeza magazi pa kachipatala kena mumzinda wa Astana, ndipo kuwerama tsiku lonse pa makina oonera tizilombo kunamupinda ngati chikwakwa. Dokotala anamuuza kuti asankhe yekha, dziwe losambiramo kapena mpeni. Anasankha dziwe.

Kudziweko anadziwana ndi Galina, mphunzitsi wa masamu, mayi wamtali wa mapewa otambalala. Galina ndiye anamukokera kothamanga m'mbali mwa mtsinje wa Esil, kenaka n'kumukweza panjinga. Pasanathe zaka zambiri Kalamkas anali akulowa mpikisano uja wa magawo atatu, umene munthu amasambira, n'kupalasa njinga, n'kumalizira kuthamanga, zonse motsatizana osapumira.

Anali wochepa thupi, wopepuka ngati mwana wasukulu, koma khama linali ngati la nyerere. Zaka ziwiri zotsatizana anathera pachinayi mwa amayi a msinkhu wake, kuima pansi n'kumaombera m'manja atatu amene akwera pansanja. M'madzi ankatuluka nawo limodzi. Pothamanga ena ankawapitirira. Panjinga ndi pamene ankamusiya.

Nkhaniyi inkamudya kwambiri mchimwene wake Sapar kuposa mwini wakeyo. Pa unyamata wake Sapar anapalasako m'timu ya chigawo chawo, timuyo isanabalalike. Tsopano ankayendetsa basi yamumzinda, mimba itatsogola. Kutatsala masiku ochepa kuti mpikisano uchitike, anatulukira kwa mlongo wake atakolekera zikwama ziwiri zozungulira. Munali mawilo amene anabwereka kwa mnzake. Anali akuda bii, malimu ake akuya kuchokera patayala kulowa mkati pafupifupi chikhatho chonse, masipoko angotsala afupiafupi. Malimu a Kalamkas a masiku onse sankapitirira zala ziwiri.

Akumwa tiyi wamkaka, Sapar anafotokoza kuti limu lakuya limang'amba mpweya bwino, silisiya mphepo ikupotana kumbuyo kwa tayala. Pamsewu wautali wopanda zitunda ngati wawowo, limapulumutsa mphindi zingapo, zomwezo zimene zinkamulekanitsa ndi wachitatu. Yerkin, mwamuna wa Kalamkas, anangofunsa ngati zinthuzo zili ndi mabuleki, n'kubwerera ku nyuzipepala yake.

M'mawa wina kuli bata Kalamkas anawayesa. Njinga inkachita ngati ikudziyendetsa yokha, mawilowo akung'ung'uza ngati ndege yodutsa kutali. Anabwerera kunyumba akumwetulira yekha.

Lamulo linali lakuti njinga zonse zikasiyidwe kumpanda wa mpikisano masana, kutatsala tsiku limodzi kuti uchitike. Pamene ankafika kumeneko, a zanyengo anali atalengeza kale kuti mawa kudzacha bwino, koma dzuwa likadzakwera mphepo idzadzuka kuchokera kumadzulo. Galina anaima pamzere, anayang'ana njinga ya mnzakeyo, nkhope n'kusintha.

"Lakumbuyolo lisiye, palibe vuto, thupi lako lakhala pomwepo," anatero. "Koma kutsogoloku bwezera lako lakale. Mphepo ikagwira limu ili, yagwira chiwongolero. Ndiwe wopepuka, Kalamkas."

"Aphunzitsi, inu zanu ndi masamu," anayankha Sapar. "Za njinga tisiyireni."

"Inu achimwene, munaikwera liti komaliza? Mimbayi isanabwere kapena itabwera?"

Anthu apamzere anaseka, koma Sapar sanaseke. Anati mphepo yam'mbali nayonso imakankha limu lakuya kupita kutsogolo ngati thanga la ngalawa, bola wokwerayo asakhale wamantha. Galina anati zimenezo n'zoona kwa munthu wolemera thupi ngati Sapar, mphepo ikakhala yoyenda mofanana, osati ya kuchigwa cha kunja kwa mzinda, yomenya mwadzidzidzi n'kusiya.

Wilo lakale linali m'galimoto ya Sapar, pafupi pomwepo. Kusintha kukanangotenga kanthawi kochepa. Kalamkas ananyamula njinga yake cha kutsogolo kuti aione bwino, ndipo kamphepo kamasana kanatembenuza mahandulo okha m'manja mwake. Anaziona. Nthawi yomweyo panadutsa mayi uja amene anamulanda malo achitatu chaka chathacho, akukankha njinga ya malimu akuya kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anali wamkulu thupi kuposa iye, zimenezonso anaziona.

"Zili kwa iwe, mlongo wanga," anatero Sapar, maso ali kwina.

Oyang'anira pachipata anali akuitana otsala. Kalamkas anakankha njinga n'kulowa nayo mmene inalilimo.

Kunacha kuli zii. Mtsinje unali see ngati galasi, mbendera zili lende pamitengo. Mtima unakhalako pansi. Anasambira bwino, anatuluka miyendo ili yamphamvu, anavala chisoti n'kudumphira panjinga. Mkati mwa mzinda nyumba zazitali zinkatchinga mbali zonse. Anagoneka zigongono pa zitsulo ziwiri zotulukira kutsogolo kwa mahandulo, mutu pansi, n'kuyamba kudya anthu mmodzimmodzi. Anapitirira ngakhale Galina, amene nthawi zonse ankangomuonera kumsana, asanatuluke n'komwe mumzinda.

Nyumba zitatha, chigwa chinatseguka, ndipo udzu wonse unali utagonera mbali imodzi.

Kumenya koyamba kwa mphepo kunali ngati munthu wakankha wilo lakutsogolo ndi phazi. Njinga inatsetserekera kumanja, iye n'kuibweza. Pazitsulo zimene anagonekapo manja palibe mabuleki, ndipo kuti awafike ankayenera kudzuka kaye n'kusuntha manja onse awiri. Anaphunzira kutsamira mphepoyo ndi phewa. Koma pamene msewu unkadutsa kuseri kwa mzere wa mitengo, mphepo inkadukiza mwadzidzidzi, njinga n'kugwera mbali imene ankatsamirayo. Mitengo ikatha, inkamumenyanso. Botolo la munthu wina linadutsa msewu likugubuduka lokha.

Ludzu linamugwira, koma sanayerekeze kuchotsa dzanja kuti atenge madzi. M'thumba lakumsana munali timibulu ta kurt, tchizi chouma chamchere chimene ankadya panjira, ndipo sanatikhudze. Mapewa anauma gwa. Zala zinachita dzanzi. Komabe liwiro linalipo, Sapar sananame. Asanafike potembenukira anapeza mayi wachitatu uja atadzuka tsonga, manja ali pamabuleki, akulimbana ndi njinga yake. Anamudutsa osamuyang'ana.

Pobwerera mphepo inali itakula, ikuchokera mbali inayo. Pafupi ndi mzinda msewu umakwera mlatho wodutsa pamwamba pa njanji, ndipo mlathowo uli ndi khoma lotchinga limene limathera potsetsereka. Kalamkas ankaudziwa bwino. Akukwera, kuseri kwa khomalo kunali bata, ndipo anadziuza kuti adzuke agwire mabuleki khomalo lisanathe. Kenaka anayang'ana kutsogolo. Panalibe mayi wina aliyense wa msinkhu wake amene ankamuona. Anaganiza kuti mwina ndi wachiwiri, mwinanso woyamba. Anakhalabe chigonere.

Khoma litatha, mahandulo anangochoka m'manja mwake. Anamva tayala likukhula miyala yam'mbali, kenaka anaona thambo, kenaka phula.

Anadzuka msanga, monga amachitira munthu amene sanadziwe kuti wapweteka. Ntchafu inali itasupuka, magazi akutsikira m'sokosi. Mayi wina wothandiza pamsewu anathamangira pomwepo akufunsa ngati aitane ambulansi. Kalamkas anakana, podziwa kuti akangolowamo mpikisano watha. Anazunguza wilo lija ndi dzanja lamanja. Linali bwinobwino, losapindika ngakhale pang'ono. Dzanja lamanzere ndi limene linkakana kukwera.

Ali chiimire choncho, Galina anafika n'kutsitsa phazi pansi.

"Wathyoka pati?"

"Pita, Galina."

"Ndakufunsa."

"Ndangosupuka. Pita, akukupeza."

Galina anamuyang'ana phewa, kenaka n'kupalasa.

Mtunda wotsalawo unali waufupi, koma Kalamkas amati sanayendepo wautali ngati umenewo. Anakhala tsonga, zala zili pamabuleki, dzanja lamanzere langogona pahandulo lopanda mphamvu. Udzu ukangogwedezeka patsogolo, ankagwiritsa mabuleki kudikira kumenyako. Onse amene anawadutsa m'mawa anamudutsanso, ena akumufunsa, ena osacheuka. Kabampu kalikonse kankamulasa paphewa ngati msomali.

Atafika kumpanda anatsika, nayesa kukweza njinga pachitsulo chokolekapo. Inakana. Anayesanso, maso n'kuchita mdima. Namwino wapampikisano anamugwira, anakoka malaya paphewa, n'kuona fupa la pakati pa khosi ndi phewa litatukuka pansi pa khungu. Anamuvula nambala mwaulemu, osafunsa maganizo ake. Kuseri kwa mpanda Sapar anali atagwira waya ndi manja onse awiri. 

Kuchipatala ndi kumene kunatsala pang'ono kuipa. Yerkin, munthu amene sankakweza mawu ngakhale kwa ana, anapeza mlamu wakeyo pakhonde n'kumugwira pakolala. Anamuuza kuti ngati akufuna kupambana mipikisano imene inamukanika ali mnyamata, akwere yekha, asatume mkazi wa mwini. Sapar sanadziteteze. Kalamkas anamva zonsezi ali pabedi, chitseko chili chotsegula, ndipo anawaitana onse awiri.

"Musiyeni, bambo a ana. Wilo langa linali m'galimoto, ndinalisiya ndekha. Pamlatho paja achimwene panalibe."

Yerkin anamusiya, koma panatha miyezi amuna awiriwa asakumwera tiyi pamodzi. Madzulo a tsikulo Galina anabwera ndi thumba la mabaursak, mandasi akwawoko, ali otentha, mendulo ataibisa m'chikwama. Anali atamaliza wachitatu. Kalamkas anachita kumukakamiza kuti aitulutse, anaigwira pang'ono, n'kumubwezera.

Fupalo analimanga ndi kachitsulo. Anabwerera kuntchito dzanja lili m'nsalu, akuyeza magazi ndi dzanja limodzi, anzake akumutsegulira mabotolo. Chimene chinachedwa kupola ndi mantha. Ngakhale akuyenda pansi, lole ikadutsa pafupi n'kumupemerera, ankaima n'kugwira chilichonse chimene chili pafupi. Nyengo yonse yachisanu njinga inakhala pakhonde itafundidwa bulangete.

Chisanu chitasungunuka anaimbira foni Sapar n'kumufunsa tsiku limene sakhala pabasi. Anati akufuna tsiku lamphepo, osati labata. Sapar anakabwerekanso mawilo kwa mnzake uja, ndipo Kalamkas anamanga la limu lapakatikati kutsogolo, lakuyako kumbuyo, n'kutuluka mumzinda kulowera kuchigwa. Sapar ankamutsatira pagalimoto pang'onopang'ono, magetsi ochenjeza akuphethira, malole akuwaimbira mahutala. Ulendo woyambawo Kalamkas sanagone pazitsulo ngakhale kamodzi, ndipo pamlatho anatsika n'kukankha njinga ndi manja. Atafika kutsidya anamwa madzi, anapukuta nkhope, n'kuuza mchimwene wakeyo kuti sabata yamawa abwerenso.